Mpeni wa atate wowazira nsungwi

Atate anga sankadziwa kulemba. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ine ndine munthu wa mapepala, ndipo anzanga kuno ku Katete amandiseka nazo. Ndinagwira ntchito ya uphunzitsi mpaka kupuma, ndipo pepala sinditaya. M'sutikesi ya pansi pa bedi muli khadi la ubatizo wa atate, malisiti a msonkho, mapepala ogulitsira thonje, ndi khadi la kuchipatala la matenda awo omaliza. Onsewo ali ndi dzina lawo, koma palibe ngakhale limodzi limene iwo analemba. Analemba ndi makalaliki, abusa ndi anamwino, ena mpaka kulakwitsa dzinalo. Chinthu chokha chimene dzanja la atate linasiyapo chizindikiro chinali mpeni wawo wowazira nsungwi.

Atate anali mkamwini m'mudzi wa amayi, kufupi ndi Mkaika. Kwawo kwenikweni kunali ku Vubwi, cha kumalire. Ankalima chimanga ndi thonje monga wina aliyense, koma m'chilimwe ankaluka malichero ndi madengu, ndipo n'zimenezo zimene zinandiphunzitsa sukulu. Mpeniwo anachita kubwera nawo pokwatira. Ankati anawasulira mmisiri wina wa tsidya lija la malire, iwo akali mnyamata.

Ndiufotokoze bwino, chifukwa masiku ano munthu akangoona chitsulo cha dzimbiri amati n'chamakedzana. Mpeni wosulidwa pamanja umadziwika ndi msana wake. Kufupi ndi chigumbu, pogwirira paja, umakhala wochindikala, kenako umanka nupyapyala mpaka kunsonga, ndipo ukayendetsapo chala umamva timaenje tosiyidwa ndi nyundo. Chigumbu chake sichikhala ndi misomali. Wosula amasiya kamchira kachitsulo, amakawotcha mpaka kufiira, n'kukalowetsa m'mtengo kuti kadziboolere kokha njira. Wa atate chigumbu chake chinali cha mlombwa, ndipo pakhosi pake anavekapo chikopa cha mchira wa ng'ombe chili chachiwisi, kuti chikauma chifinye mtengowo usang'aluke.

Zimenezo zinali za mmisiri. Zotsalazo zinali za atate. Iwo anali amanzere, choncho ankanola mbali imodzi yokha, yosiyana ndi ya anthu ena onse. Wogwiritsa dzanja lamanja akaubwereka ankapeza ukuterereka pa nsungwi, n'kuubweza akudandaula, atate n'kumaseka kuti mpeni wawo umadziwa mwini wake. Pakati pake panadyeka n'kulowa m'kati ngati mwezi wongooneka kumene, poti ndi pamene ankapalira nsungwi zaka zonsezo. Chigumbu chinada bii ndi thukuta, ndipo pamene pankakhala chala chachikulu panali kadzenje kosalala.

Ndimawakumbukira atakhala pachitsa kuseri kwa nkhokwe, chiguduli chili pabondo, mpeni ataupanikiza pa chigudulicho, akukoka kamzere ka nsungwi pansi pake. Mpeniwo sunkayenda, inkayenda ndi nsungwi. Zopalidwazo zinkaunjikana kumapazi kwawo, nkhuku n'kumazifukula. Ndikati ndiyeseko ankandikaniza. "Iwe gwira cholembera. Izi n'zodula zala." Ndinagwiradi cholembera, ndipo mpaka lero sinditha kuluka ngakhale kadengu koikamo mazira.

Anamwalira ine nditayamba kale ntchito, ndili ndi banja. Abale awo anabwera kuchokera ku Vubwi, ndipo tsiku lometa anayala mphasa pabwalo n'kutulutsa katundu yense wa malemu: njinga, makasu, nkhwangwa, jekete la ku tchalitchi, mabulangete, ndi mpeniwo. Mwambo wathu unali woti katundu wa mwamuna amapita kwa ana a mlongo wake, poti ana ake obereka ndi a kuchikazi. Ndinkaudziwa mwambowo, sindikana. N'chifukwa chake njinga sindinaitchule, jekete sindinalitchule. Ndinawomba m'manja n'kupempha mpeni wokha.

Anautenga msuweni wanga, mwana wa azakhali, munthu wa msinkhu wanga amene tinkasambira limodzi kudambo ndikapita kwawo patchuthi. Anauzunguza m'manja n'kundiyang'ana akumwetulira.

"Asuweni, awa anali atsibweni anga. Inu muli ndi anu atsibweni. Dikirani afe."

Anthu anaseka, chifukwa pachisuweni mawu otere amaloledwa ngakhale pamaliro. Ine sindinaseke. Ndinaona mpeni wa atate ukulowa m'thumba la munthu amene sanalukepo lichero chibadwire. Pambuyo pake boma linaika lamulo loti ana azilandirako za makolo awo. Lamulolo ndinaligula, ndinaliwerenga lonse, ndipo lilinso m'sutikesi muja. Kwa ine linabwera mochedwa.

Ndinadzauonanso kamodzi, pamaliro a azakhali. Mwambo utatha msuweni anandiitanira m'nyumba n'kutsegula bokosi lake lachitsulo kuti atengemo bulangete. Mpeniwo unali pansi, wokulungidwa m'kansalu. Sanaugwiritsepo ntchito, poti dzanja lake ndi lamanja ndipo unkamuterereka. Ndinaunyamula ndi dzanja lamanzere, chala changa chachikulu n'kukhazikika chokha m'kadzenje kaja. Sindinayembekeze kuti zingandigwire mtima chotero. Zinali ngati ndagwira dzanja la atate. Ndinapemphanso. Iye anaulanda pang'onopang'ono n'kuukulunganso.

"Mukufuna mukaumate m'faelo? Usiyeni ugone kwawo."

Kuyambira pamenepo tinkangopatsana moni wa pamaliro. Zaka zinapita, tonse tinachita imvi.

Chaka chatha, kutatsala pang'ono kuti mwambo wa Kulamba uchitike, ndinapeza wamalonda wina atayala katundu m'mbali mwa msewu waukulu kuno ku Katete. Anali bambo wa mimba yake, wa chipewa chachikopa, ndipo ankagulitsa zinthu zakale kwa alendo obwera ku mwambo: tinkhwangwa tovinira, mikondo, mipando yosema, ndi mipeni yambiri pa chiguduli. Ndinaima n'kuyamba kuitembenuza umodziumodzi.

"Madala, gwilani chabe, osayopa," anatero m'chinyanja cha m'tauni. "Vonse ivi ni olijino."

Sizinali zoona. Ina inali yosulidwa dzana, yoikidwa pautsi kuti ide n'kukwiriridwa m'dothi kuti ichite dzimbiri. Inkanunkha mwaye. Chitsulo chake chinali chofanana kuyambira kukhosi mpaka kunsonga, chodulidwa ku chipangizo cha galimoto, ndipo zigumbu zinada paliponse mofanana, ngakhale pamene dzanja silifika. Ndinamuuza zimenezo. Sanachite manyazi n'komwe. Anaseka, n'kupisa dzanja m'chikwama, n'kutulutsa iwiri yeniyeni imene ankasungira odziwa.

"Aba ndiye bakulu. Onani mwamene unadyekela. Makasitoma banga safuna vowala, madala. Bafuna vakuda, vamene vinagwila nchito. Mukachapa mwaononga. Mukanola mwapaya. Nikapeza wamene sanaugwile, mutengo ni wina."

Ndinamufunsa kumene amaipeza.

"Kumamidzi. Kuno ku Katete na ku Sinda ninasesa kudala. Mwambo ukasila niyenda ku Vubwi, kumalile. Kuja nkhalamba zikali kusunga mumabokosi. Chaka chino milisi yavuta, kuli njala, bazagulisa chabe."

Ananena mopepuka ngati akunena za kugula mbuzi. Ndinakwiya, ndipo ndinamuuza kuti akudyera njala ya anthu okalamba, kuti mpeni uliwonse pa chigudulipo unali ndi mwini wake amene ana ake akali moyo. Anandiyankha kuti iye saba, amagula. Ndinachoka osatsanzika. Koma m'njira mkwiyo unasanduka mantha. Ndinali nditamva kuti msuweni wanga akudwaladwala, maso achita khungu, ndipo chimanga kwawo sichinachite bwino. Munthu ngati uyu akafika pakhomo pake ndi mawu okoma, mpeni wa atate udzathera pa khoma la mlendo amene sadziwa n'komwe kuti nsungwi amaiwaza bwanji.

Akazi anga atamva anangoti, "Mwakhala mukuulira mpeni umenewo chimwalirire atate anu. Imbani foni. Akakana akane, koma mumve ndi makutu anu."

Nkhani yotere sufika nayo modzidzimutsa pakhomo pa munthu wamkulu, umayamba watumiza mawu. Ndinaimba pa foni ya mkamwini wa msuweni, iye n'kukampatsira. Liwu la msuweni linali lofooka, koma lilime linali lomwe lija.

"Kodi ndi aphunzitsi? Mukali moyo? Ine ndimayesa chiswe chinakudyani pamodzi ndi mapepala anu."

Ndinapirira, n'kunena chimene ndaimbira.

"Bwerani mudzatenge," anatero. "Ndausunga mokwanira. Koma musabwere mawa. Mubwere kumapeto kwa mwezi, tikonzeke."

Ndinaganiza kuti akufuna kudziwitsa abale, kapena kupeza nkhuku ya mlendo. Ndinangomupempha chimodzi, kuti akabwera munthu wogula zinthu zakale asamutsegulire bokosi. Anaseka. "Ndigulitse atsibweni anga? Mwandiyesa ndani?"

Mwezi utatha ndinakwera minibasi mpaka ku Chipata, ina mpaka ku Vubwi, kenako njinga yamoto yondifikitsa kumudzi. Ndinavala suti yanga ya ku tchalitchi, ndipo m'thumba ndinatenga nsalu yatsopano yokulungira mpeniwo. Ndinamupeza msuweni atakhala pampando wa ndalema pakhonde, ataonda kwambiri, maso ali mbuu. Anandizindikira ndi liwu.

"Fikani pafupi ndikugwireni. Ii, mafupa okhaokha! Kodi alamu anga amakudyetsani malisiti?"

"Inu nanga mwanenepa pati? Mpandowu ukulemera kuposa inu."

Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo nanenso ndinaseka. Panali patapita zaka zambiri tisanasekere limodzi. Akazi ake, alamu anga, anatiphera nkhuku. Titadya tinakamba za anthu amene anatisiya, za dambo lija limene linauma, za mitengo ya feteleza. Za mpeni sindinafunse, ndinadikira mwini nyumba.

Dzuwa litapendeka anaitana akazi ake. "Tabweretsani katundu wa alendo."

Alamu anatuluka ndi mbale yadothi ya alendo, yovundikira ndi kansalu koyera koluka m'mphepete. Anagwada n'kuiika patsogolo panga. Ndinawomba m'manja, n'kuvundukula.

M'mbalemo munali mpeni wowala ngati wa m'sitolo. Ndinayamba ndaganiza kuti ndi nthabwala ya chisuweni, kuti weniweniwo ukubwera pambuyo. Kenako ndinaona kutalika kwake ndi mmene nsonga inakhotera. Unali womwewo. Anali ataupititsa pa makina onolera. Timaenje ta nyundo tonse tinali titachoka, msana uli see. Podyeka paja anadula chitsulo cha m'mbali zonse kuti kukamwa kuwongoke, mwakuti mpeniwo unachepa. Anaunola mbali zonse ziwiri. Chigumbu cha mlombwa panalibe. M'malo mwake munali timatabwa tiwiri toyera, topaka vanishi, tomangidwa ndi misomali itatu yonyezimira.

"Mwauona?" anafunsa msuweni, nkhope yake ikuyang'ana kumbali pang'ono kwa pamene ndinakhala. "Amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Lero mlendo ndiye abwerera nako. Ndinatuma mkamwini kwa owotcherera zitsulo ku boma. Ndinamuuza kuti akauze amisiriwo asasiye dzimbiri ngakhale pang'ono, ukupita kwa aphunzitsi umenewu."

"Tauyesera pa nkhuku mwadyayi," anawonjeza alamu. "Kungokhudza basi."

Pamenepo msuweni anasiya nthabwala.

"Asuweni, ndinakulakwirani tsiku lometa lija. Mwambo unali kumbali yanga, koma ndinaona nkhope yanu. Ndinaumira chabe, unyamata. Tsono ndimati ndikubwezereni bwanji chinthu chakuda, chodyeka, chigumbu chonyansa, ngati ndikukutayirani chinyalala? Anthu akanati chiyani? Akanati wausunga zaka zonsezi osausamala. Ndinati ayi, upite kwa mwana wa atsibweni uli waulemu."

Ndikudziwa mmene zimakhalira kwathu kuno. Mbale ya mlendo amaikwecha ndi mchenga mpaka iwale. Khasu lobwereka sulibweza ndi dothi. Nkhuku yopatsa munthu umasankha yonenepa. Iye anachita chimene aliyense woleredwa bwino akanachita, ndipo m'chaka cha njala analipira amisiri ndi mafuta a njinga yamoto kuti andilemekeze. Ine ndinali nditakonzeka kulimbana ndi wamalonda, ndi umphawi, ndi kuuma mtima kwa msuweni. Ulemu wake sindinauganizire.

Ndine munthu wosachedwa kukwiya, ndipo amene anandilakwirapo amadziwa kuti ndimalemba kalata. Tsiku limenelo mkwiyo unabwera, koma unasowa woti umugwere. Patsogolo panga panali nkhalamba yakhungu ikudikira kuti ndiyamike.

Ndinawomba m'manja nthawi yaitali. "Zikomo, asuweni. Mwandichitira ulemu waukulu."

"Ugwireni, mumve mmene ukukhalira m'manja."

Ndinaugwira ndi dzanja lamanzere. Chala chachikulu chinafufuza pa vanishi paja, n'kusowa pokhala.

Patapita kanthawi ndinafunsa, ngati nkhani yongodutsa, kuti chigumbu chakale chija anachiika kuti. Alamu anati mkamwini anabwera nacho m'thumba, chitang'aluka pakati poti amisiri anachita kuchimenya ndi nyundo kuti chichoke. Chikopa chija agalu anathawa nacho. Zidutswa za mtengozo anazisesera kudzala.

M'mawa mwake, anthu asanayambe kuyendayenda, ndinapita kuseri kwa nyumba kumene kunali dzalalo. Ndinatsikiramo ndi suti yanga n'kuyamba kufukula ndi ndodo. Munali makoko a mtedza, zitsononkho, nthenga za nkhuku ya dzulo, mapepala a shuga. Pansi pake panali phulusa lokhalokha, chifukwa zinyalala za masiku apitawo anali atazitentha. Ndinafukulabe. Kamtengo kalikonse kakuda ndinkakatola n'kukapukuta, koma kankangofumbutuka m'manja.

Nditatukula mutu ndinaona alamu ataima m'mphepete mwa dzala, tsache lili m'manja. Sindidziwa kuti anaima nthawi yaitali bwanji. Anayang'ana maondo anga otuwa ndi phulusa, n'kuyang'ana manja anga.

"Alamu," anatero motsitsa mawu, "kodi chimene munkafuna chinali chimenecho?"

Anaika tsache pansi n'kugwira pakamwa.

"Mayo ine. Ndinatentha ndine. Ndi manja angawa."

"Simunadziwe, alamu. Palibe amene analakwa."

"Musawauze," anatero. "Chonde musawauze. Mwezi wonse akhala akufunsa kuti kodi wawala, kodi wawala. Usiku wathawu agona bwino koyamba chiyambire kudwala."

Anandithandiza kutuluka m'dzalamo, n'kundibweretsera madzi ndi kansalu kuti ndipukute suti mwamuna wawo asanadzuke. Tinapukuta awiri.

Potsanzikana msuweni anandigwira dzanja osafuna kulisiya. "Tsopano mukafa, ana anu asadzachite nawo manyazi. Ndipo mudzauze a kwanu kuti ife a ku Vubwi sitibweza chinthu chili chakuda."

"Ndikawauza."

"Nanga mubweranso liti? Kapena mudikira maliro anga, mudzadye nyemba zaulere?"

Ndinamuuza kuti ndibwera mvula ikatha. Anamwalira mvula isanathe. Ndinapita kukamuika, ndipo pamaliropo mkamwini wake anadzandipatsa moni monyadira, n'kundifunsa ngati mpeni uja ukugwira bwino ntchito. Ndinati ukugwira.

Nditabwera nawo mpeniwo kunyumba ulendo woyamba uja, ndinauika patebulo. Akazi anga anawadziwa atate, ndipo mpeniwo anauonapo uli m'manja mwawo. Anaunyamula, anautembenuza, anandiyang'ana, n'kuubwezera patebulo mwakachetechete. Unakhala pamenepo masiku angapo. Sindinkafuna kuuona, komanso sindikanatha kuutaya. Tsiku lina ndinawauza kuti autenge apite nawo kukhitchini. Anandifunsa kawiri ngati ndikunenetsa. Panopa amadulira masamba ndi tomato, ndipo amati sanakhalepo ndi mpeni wakuthwa chotero.